Chifukwa chomwe kompyuta imakanira kusamutsa mafoda kupita pa disiki yachiwiri

Anthu ambiri omwe amagwiritsa ntchito makompyuta a Windows amakumana ndi uthenga wowakaniza chilolezo pomwe akufuna kusamutsa mafoda kuchoka pa disiki yoyamba kupita pa yachiwiri, ndipo ena amaononga makina awo poyesa kukakamiza kuti zitheke.

Vutoli limayamba kaamba ka kuchepa kwa malo. Makompyuta ambiri amabwera ndi disiki ya mtundu wa SSD, yomwe ndi yachangu koma nthawi zina imakhala yaing'ono, ya 128GB kapena 256GB. Disikiyi, yomwe imadziwika ndi chilembo cha C, ikadzaza, mwini makina amaikamo hard drive yachiwiri yomwe kawirikawiri imalandira chilembo cha D, n'kuyamba kukokera kumeneko mafoda akuluakulu monga Users ndi Program Files.

Apa ndi pomwe pa sikirini pamatuluka mawu oti "Access is denied" kapena "You need permission to perform this action", ndipo nthawi zina pamaoneka nambala ya 0x80070005, yomwe tanthauzo lake ndi lomwelo lakuti khomo latsekedwa.

Chomwe chimazunguza ambiri n'chakuti uthengawu umabwera ngakhale kwa munthu yemwe akaunti yake ndi ya Administrator. Izi zili chomwecho chifukwa mu Windows kukhala Administrator sikutanthauza kukhala mwini wa fayilo iliyonse.

Windows imasunga mafayilo m'dongosolo lotchedwa NTFS, lomwe kampani ya Microsoft idayamba kuligwiritsa ntchito m'chaka cha 1993. M'dongosololi fayilo kapena foda iliyonse imakhala ndi mwini wake, komanso mndandanda wa omwe ali ololedwa kuiwerenga, kuisintha kapena kuifufuta. Kuyambira pa Windows Vista, yomwe idafika m'masitolo m'chaka cha 2007, mafayilo ofunikira kwambiri a makinawo adaikidwa m'manja mwa akaunti yamkati yotchedwa TrustedInstaller, yomwe ntchito yake ndi kuika ndi kukonzanso zigawo za Windows. Palibe munthu amalowa mu kompyuta ndi akaunti imeneyi. Cholinga chake chidali choti mavairasi, ngakhalenso mwini makina akalakwitsa, asathe kusintha mafayilowo chisawawa.

Potero, uthenga wokaniza ukatuluka pa foda ya Windows, Program Files kapena WindowsApps, si kuti makina aonongeka, koma akugwira ntchito yomwe adapangidwira. Mafoda amenewa sayenera kusamutsidwa. Mapulogalamu ambiri amalemba malo omwe akhala m'kaundula wamkati wa Windows wotchedwa Registry, ndipo foda ikachoka pamalo pake, pulogalamu imafunafuna mafayilo ake komwe kulibe. Malangizo omwe amapezeka pa intaneti oti munthu alande umwini wa disiki yonse ya C ndi oopsa kwambiri, popeza amatha kulepheretsa Windows Update ndi mapulogalamu a ku Microsoft Store, ndipo kubwezeretsa zilolezo za mafayilo zikwizikwi momwe zidalili n'kovuta moti nthawi zambiri chotsalira chimakhala kuikanso Windows.

Foda ya Users nayo siingasamutsidwe yathunthu pongoikoka. M'kati mwake muli fayilo yobisika yotchedwa NTUSER.DAT yomwe imakhala ikugwiritsidwa ntchito nthawi yonse yomwe munthu walowa mu akaunti yake, choncho Windows imakana kuisuntha.

Mafoda omwe Windows imalola kuti asamuke ndi a katundu wa mwini makina, omwe ndi Documents, Downloads, Pictures, Music, Videos ndi Desktop, ndipo kawirikawiri ndi amenewa omwe amadya malo ambiri. Njira yake yovomerezeka ndi yoti munthu ayambe wapanga foda yatsopano pa disiki ya D, kenako adine batani lakumanja la mausi pa foda yomwe akufuna kusamutsa, asankhe Properties, apite pa Location, adine Move n'kuloza foda yatsopano ija. Windows imafunsa ngati mafayilo akale apite nawo, ndipo ikavomerezedwa imawanyamula yokha n'kusintha kaundula wake kuti mapulogalamu adziwe malo atsopanowo.

Pali cholakwika chimodzi chomwe chimachitika kawirikawiri pa sitepe imeneyi. Munthu akaloza disiki ya D yeniyeniyo m'malo mwa foda ya m'kati mwake, Windows imayamba kutenga disiki yonseyo ngati foda ya Documents, ndipo kuzilekanitsa kumasautsa. Batani la Restore Default, lomwe lili pa tsamba lomwelo la Location, ndilo loyamba kuyesa zikatere.

Ngati OneDrive ikusunga mafoda a Documents, Pictures ndi Desktop, Windows imathanso kukana kuwasamutsa kufikira kusungako kutaimitsidwa mu OneDrive momwemo.

Pankhani ya mapulogalamu, mu Settings, pansi pa System ndi Storage, muli malo osankhira disiki yomwe zinthu zatsopano zizisungidwa, ndipo mapulogalamu ena a ku Microsoft Store ali ndi batani la Move. Mapulogalamu ena onse amafunika kuwachotsa n'kuwaikanso, posankha disiki ya D pa nthawi yoikayo.

Mtundu wina wa vutoli umaoneka mafoda atasamuka kale. Fayilo ikachoka pa disiki ina kupita pa inzake, imasiya zilolezo zake zakale n'kutenga za foda yomwe yafikiramo. Zotsatira zake zimakhala ziwiri: mwina pulogalamu imalephera kulemba mu fodayo, kapena, chomwe ambiri sachiganizira, makalata achinsinsi amayamba kuoneka kwa aliyense yemwe ali ndi akaunti pa kompyutayo. M'maofesi momwe anthu angapo amasinthana makina amodzi, iyi si nkhani yaing'ono. Ofuna kuti zilolezo zisasinthe amagwiritsa ntchito lamulo la robocopy pamodzi ndi /COPYALL mu Command Prompt yotsegulidwa ngati Administrator, lomwe limakopera fayilo pamodzi ndi mwini wake ndi mndandanda wa zilolezo zake.

Dongosolo la disiki yachiwiriyo nalo liyenera kuunikidwa. Disiki ya FAT32 kapena exFAT siisunga zilolezo konse, ndipo FAT32 siilandira fayilo yoposa 4GB. Disiki ya FAT32 imatheka kusinthidwa kukhala NTFS popanda kufufuta zam'kati, kudzera mu lamulo la convert D: /FS:NTFS, koma lamuloli siligwira pa exFAT.

Pomwe kulanda umwini kuli koyenera ndi pa disiki yomwe idagwiritsidwapo ntchito pa Windows ina. Makina sazindikira munthu ndi dzina lake, koma ndi nambala yaitali yotchedwa SID, yomwe pa maakaunti a anthu imayamba ndi S-1-5-21. Windows ikaikidwanso, akaunti yatsopano imalandira nambala yatsopano ngakhale dzina litakhala lomwelo, ndipo mafayilo a pa disiki ya D amakhalabe akudikira mwini wakale yemwe kulibenso. Pa tsamba la Security pamaoneka mawu oti "Account Unknown" pamodzi ndi nambalayo. Izi zimagwera anthu omwe akusamukira ku Windows 11 poika makina mwatsopano, makamaka chichokereni pa 14 October 2025 pomwe Microsoft idathetsa chithandizo chake chanthawi zonse cha Windows 10.

Pothana ndi izi, munthu amatsegula Properties ya fodayo, Security, kenako Advanced, n'kudina Change pafupi ndi dzina la mwini, kulemba dzina la akaunti yake ndi kuchonga bokosi loti kusinthako kufike m'mafoda onse am'kati. Umwini pawokha sukwanira, chifukwa amayeneranso kudziwonjezera pa mndandanda wa ololedwa ndi kudzipatsa Full control. Ozolowera Command Prompt amachita zomwezi ndi malamulo awiri, takeown wolandira umwini ndi icacls wopereka chilolezo. Chofunika n'chakuti malamulowa aloze foda ya katundu wa munthuyo yokha, osati disiki yonse, popeza pa disiki iliyonse ya NTFS pamakhala foda yobisika ya System Volume Information yomwe ndi ya makina.

Si uthenga uliwonse wokaniza womwe umafuna kukonzedwa. Mu disiki ya C muli chinthu chobisika chooneka ngati foda chotchedwa Documents and Settings, ndipo mu Documents mulinso My Music, My Pictures ndi My Videos. Izi ndi zikwangwani chabe zolozera mapulogalamu akale a nthawi ya Windows XP komwe mafoda adasamukira. Zimakana kutseguka mwadala ndipo mulibe fayilo iliyonse ya munthu.

Palinso zitseko zomwe umwini sungatsegule. Mafayilo omwe adatsekedwa ndi EFS pa akaunti yakale sawerengeka popanda chiphaso cha akauntiyo, ngakhale zilolezo zitasinthidwa motani. Disiki yotsekedwa ndi BitLocker nayo imafuna pasiwedi yake kapena kiyi wa manambala 48, yemwe kawirikawiri amasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini makina.

M'madera momwe magetsi amazimazima, kusamutsa mafayilo ochuluka pa kompyuta yapatebulo yopanda UPS kumatha kudukira panjira, zina zili pa C zina pa D. Pa chifukwachi, njira yotetezeka ndi kuyamba wakopera mafayilo onse ofunikira pa disiki ina yapadera, ndi kufufuta akalewo pokhapokha atsopanowo atatsegulidwa n'kuoneka kuti ali bwino.