Chingwe cha ku Rottnest: Gawo Loyamba

Chingwe cha boti sichiopsa chikakhala chili phee padoko. Brad Ness, mnyamata wa ku Wagin ku Western Australia, ankachigwira tsiku ndi tsiku pa boti lonyamula anthu opita ku chilumba cha Rottnest. Anali ndi zaka 18, thupi lili nganganga, mtima wonse uli pa mpira wa kwawo uja wooneka ngati dzira.

Tsiku lina boti linanyamuka chingwe chisanamasulidwe. Chinamuzenga mwendo, chinakungika, phazi n'kuthothoka. Mwendowo unathera m'munsi mwa bondo, za mpira zija n'kuthera pomwepo.

Basiketibo ya panjinga za olumala anaionera pa TV. Amene sanaonepo masewerawa amayesa ndi achifundo. Ayi ndithu. Njinga zimagundana mpaka munthu kugudubuzika nayo, lamba ali chimangire m'chiuno, n'kudzuka yekha ndi manja. Ukapalasa kawiri uyenera kudunditsa mpira, kupatsira kapena kuponya, ndipo nkhata yoponyeramo ili mamita 3.05 m'mwamba, osatsitsako ngakhale pang'ono. Wosewera aliyense amapatsidwa mapointi malinga ndi mmene thupi lake limagwirira ntchito, kuyambira 1 mpaka 4.5, ndipo asanu a m'bwalo asapitirire 14. Ness ndi wa 4.5. Mphunzitsi akakulowetsa uli wodula chonchi, ndiye kuti ubweze ndi zigoli.

Anabwezadi. Anakasewera ku yunivesite ya Texas ku Arlington, kenaka ku Italy, komwe masewerawa amadyetsa munthu. Koma timu ya dziko lake, ya Rollers, inali ndi munga wake: Canada. Ku Paralympics ya ku Sydney mu 2000, pakhomo penipeni, golide anapita ku Canada. Ku Athens mu 2004 anakumana mu fainolo, Canada n'kuwakwapula 70 kwa 53. Wowazunza wamkulu anali Patrick Anderson, amene galimoto la dalaivala woledzera linamudula miyendo yonse iwiri ali ndi zaka 9.

Zaka zinayi Ness anakhala akuyang'ana mendulo yasiliva ija.

Seputembala 2008, ku Beijing, fainolo inafikanso. Ness anamanga lamba, n'kupalasa kulowa m'bwalo. Kutsidya, Anderson yemwe uja anali atafika kale, akusaka golide wachitatu wotsatizana. Oimbira anakweza mpira m'mwamba.

Wezulo inalira.

*Ipitirira sabata yamawa.*