Dzina la Enterprise lakana kufa

Inetu ndimati dzina ndi chuma, abale anga. Taonani la Enterprise ku America. Sitima yapamadzi ya dzinali idamenya nawo nkhondo ku Midway m'chaka cha 1942, koma pambuyo pake adaiphwasula nkugulitsa zitsulo. Mu 1961 dzinalo lidadzuka pa sitima ina yonyamula ndege zankhondo, yoyendera nyukiliya. Pofika 1966, okonza kanema wa Star Trek adalipereka kwa chombo chawo chongopeka cha mlengalenga.

Chondikomera nchakuti mu 1976 okonda kanemayo adalembera Pulezidenti Gerald Ford makalata ankhaninkhani, mpaka chombo chenicheni cha NASA, chimene ankafuna kuchitcha Constitution, adachitcha Enterprise. Ndiye wina aziti kalata ya munthu wamba siisuntha boma?