Bakiteriya wa chithupsa akalowa m'magazi

Pa 27 Januwale 1928, dokotala wina wa m'tauni ya Bundaberg ku Australia anabaya ana 21 katemera wa diphtheria. Botolo linali lomwelo limene anakhala akutungamo masiku a m'mbuyo popanda chovuta. Usiku wake ana anayamba kusanza, kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi. Anadwala 18, ndipo 12 anamwalira pasanathe masiku awiri.

Komiti yofufuza imene boma linakhazikitsa inapeza kuti m'botolomo munalibe mankhwala oletsa tizilombo kuswana, ndipo linkangokhala m'chipinda nyengo ya dzuwa lotentha. Amene anaswanamo ndi Staphylococcus aureus, bakiteriya amene madokotala amangomutchula kuti staph. Chodabwitsa chinali liwiro la imfa. Wasayansi wachinyamata wa ku Melbourne, Macfarlane Burnet, anasefa madzi amene staph anakuliramo, n'kuwabaya mwa akalulu, ndipo akaluluwo anafa ngakhale kuti m'madzimo munalibe bakiteriya. Chowapha chinali poizoni amene staph amatulutsa.

Staph si mlendo kwa aliyense. Mwa anthu atatu alionse, pafupifupi mmodzi amayenda naye m'mphuno osadwala. Ndiye amayambitsa zithupsa zambiri ndi mafinya a m'mabala. Zinthu zimaipa akapeza polowera m'magazi: pachilonda cha munthu wa shuga, pakanyula imene yakhalitsa pamkono, pamchombo wa khanda, pachubu cha wodwala impso amene amatsukitsa magazi pamakina. Mu 1941, mankhwala opha mabakiteriya asanafale, madokotala a ku Boston anawerenga odwala otere 122 n'kupeza kuti 82 mwa 100 alionse anamwalira. Lero, ngakhale m'zipatala zokhala ndi zonse, pafupifupi wodwala mmodzi mwa asanu amamwalirabe. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2022 anati m'chaka cha 2019 staph anakhudzidwa ndi imfa zoposa 1 miliyoni, kuposa bakiteriya wina aliyense mwa 33 amene anawerengedwa.

Poizoni amene Burnet ankalimbana naye lero amatchedwa alpha. Amatuluka m'tizidutswa, ndipo tisanu ndi tiwiri tikakumana pakhungu la selo timagwirana n'kuboola, monga amachitira nankafumbwe panjere ya chimanga. Za m'kati zimatayikira kunja, selo n'kufa. M'magazi, alpha amawononga khoma la m'kati mwa mitsempha, madzi n'kumachucha kulowa m'mapapo ndi m'minofu. Amaunjikanso tizigawo timene timathandiza magazi kuundana, ndipo pa mbewa zaoneka kuti timiulu timeneti timatseka mitsempha ing'onoing'ono ya m'chiwindi. Madokotala amaona kale kuti wodwala staph amene tizigawoti tatsika kwambiri m'magazi mwake amakhala pangozi yaikulu.

Poizoni wina amasaka asilikali a m'thupi, maselo oyera a magazi. Wotchuka ndi PVL, amene Philip Panton ndi Francis Valentine anamufotokoza ku London mu 1932. Mu 2002 madokotala a ku Lyon, m'dziko la France, analemba za ana ndi achinyamata amene anali athanzi, anayamba ngati chimfine, kenako chibayo n'kuwadya mapapo, ambiri n'kumwalira. Onsewo anali ndi staph wotulutsa PVL. Nkhaniyi ikutikhudza kuno chifukwa staph wa mtundu umenewu amapezeka kwambiri mu Africa kuyerekeza ndi ku Ulaya, ndipo kafukufuku wa 2019 pa ana a ku Cambodia anamulumikiza ndi zotupa za mafinya za m'kati mwa mnofu, zomwe zimaoneka kawirikawiri m'maiko otentha.

Palinso poizoni amene sabaya selo, koma amaputa chitetezo cha m'thupi mpaka chidzivulaze chokha. Dokotala wa ana ku Denver, James Todd, anafotokoza matenda ake mu 1978: kutentha thupi, zidzolo, kuthamanga kwa magazi kutsika, impso kuleka kugwira ntchito. Mu 1980 matendawa anagwira amayi ambiri ku America omwe ankagwiritsa ntchito thonje loika m'kati pa nthawi ya msambo, mpaka kampani ya Procter & Gamble inachotsa pamsika mtundu wake wotchedwa Rely.

Munthu akamva zonsezi angaganize kuti staph wa poizoni wambiri ndiye woopsa kwambiri m'magazi. Asayansi ambiri ankaganiza choncho, koma umboni wakana kuyenda njira yowongokayo.

Mu 2013 ofufuza a ku London anasonkhanitsa zimene akafukufuku ambiri anapeza pa PVL. Anaona kuti amayenderadi limodzi ndi zithupsa, koma sanapeze umboni wakuti wodwala m'magazi amafa msanga chifukwa cha iye. Mu 2015 gulu la Ruth Massey pa yunivesite ya Bath linayerekeza staph wotengedwa m'magazi mwa odwala ndi wotengedwa pakhungu ndi m'mphuno. Wa m'magazi anapezeka kuti poizoni wake ndi wochepa.

Chifukwa chake chili m'majini. Staph ali ndi majini otchedwa agr, amene amamuthandiza kumva ngati anzake achuluka pamalo. Akachuluka, monga m'chithupsa, amatsegula poizoni. Kupanga poizoni kumadya mphamvu, ndiponso kumadzutsa chitetezo cha m'thupi. Staph amene majini amenewa aduka saboola maselo kwenikweni. Amamatirira pachubu, pamavavu a mtima kapena pafupa, ndipo ena amakhala m'kati mwa maselo a munthu momwe mankhwala amafika movutikira. Mu 2004 madokotala a pa yunivesite ya Duke ku America anapeza kuti odwala amene staph ankapezekabe m'magazi mwawo masiku ambiri ali pamankhwala, kawirikawiri anali ndi bakiteriya wa agr wakufa. Wa poizoni wambiri angathe munthu m'masiku ochepa aliyense akuona. Wofatsayu amapusitsa: thupi limazizira, wodwala amayamba kudya, abale amayamba kulongedza, pomwe mtima kapena msana ukudyeka. Zaka za wodwala ndi matenda ena amene ali nawo nazonso zimalemera kwambiri pa zotsatira zake.

N'chifukwa chake kuthana ndi poizoni yekha sikunabweretse chipulumutso chimene ambiri ankadikira. Mankhwala a suvratoxumab, opangidwa kuti amange alpha, anayesedwa pa odwala opumira makina ku Ulaya, ndipo zotsatira za mu 2021 sizinasonyeze kuti achepetsa chibayo mokhutiritsa. Katemera wa staph palibe mpaka lero. Chiyembekezo sichinathe ayi. Mu 2013 gulu la Victor Torres ku New York linapeza kuti poizoni wina, LukED, amagwira maselo pa CCR5, pomwe kachilombo ka HIV kamagwiranso, ndipo m'labotale mankhwala a HIV a maraviroc anamutsekereza. Clindamycin, amene amaletsa bakiteriya kupanga poizoni, anayamba kuyesedwa ngati mankhwala owonjezera m'kafukufuku wamkulu wa SNAP amene anayambira ku Australia mu 2022.

Zimene zimapulumutsa anthu pakali pano ndi zakale, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti si wodwala aliyense amene amazipeza. Magazi ayezedwe kulabotale kuti bakiteriya adziwike. Kanyula yokayikitsa izulidwe, mafinya atumbulidwe, mtima uunikidwe, magazi ayezedwenso. Mankhwala a mumtsempha aperekedwe masiku osachepera 14, ndipo ngati staph wafika pamtima kapena pafupa, masabata 4 mpaka 6.

Ku Blantyre, chipatala cha Queen Elizabeth ndi bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuyeza magazi a odwala otentha thupi kuyambira 1998. Lipoti lawo la 2017 linasonyeza kuti staph wosamva mankhwala, wotchedwa MRSA, anali 7.7 pa staph 100 alionse opezeka m'magazi mu 1998, ndipo mu 2016 anali 18.4. M'zipatala zambiri zazing'ono kuyeza kotereku kulibe, choncho wotentha thupi amathamangira kuganiziridwa malungo.

Wosamalira wodwala akaona pakanyula patupa, pafiira kapena pakutuluka mafinya, auze namwino nthawi yomweyo. Munthu wa chithupsa akayamba kunjenjemera ndi kutentha thupi, koma zoyeza malungo n'kusonyeza kuti alibe, asabwerere kunyumba kukamwa panado. Amuonetse dokotala chithupsacho. Ndipo amene wauzidwa kuti ali ndi staph m'magazi asakakamire kutuluka m'chipatala chifukwa choti wapezako bwino. Amalize masiku onse a mankhwala.