Dazi la Bambo, Duku la Mayi

Padoko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, mwamuna wadazi amayenda mutu uli pamtunda, pakuti anthu amati dazi ndi chizindikiro cha chuma. Koma mayi amene tsitsi layamba kumuthothoka amamanga duku, nkhani yake nkukhala ya mumtima. Amalonda kusiyana kumeneku amakudziwa bwino, ndipo ndalama ya matemba ikapezeka, iwo amakhala atakonzeratu botolo la bambo ndi botolo la mayi.

Mankhwala a dazi amene madokotala amawadziwa kwambiri ndi awiri. Oyamba ndi minoxidil, amene poyamba adali a nthenda yothamanga magazi, kufikira pamene kudaoneka kuti odwala owamwa akumera tsitsi. Ku America adaloledwa kukhala opaka kumutu kwa amuna mu 1988, ndipo kwa akazi mu 1991. Mphamvu yake ndi imodzimodzi; chosiyana kawirikawiri ndi muyeso, mtundu wa botolo ndi mtengo. Kafukufuku wa mu 2017 kumeneko adapeza kuti thovu la minoxidil lolembedwa kuti ndi la akazi linkagulitsidwa modula ndi 40 peresenti kuposa la amuna, chonsecho muyeso uli wofanana.

Achiwiri ndi mapiritsi a finasteride, ololedwa mu 1997 kwa amuna okha. Apa ndiye pali kusiyana kwenikweni. Mapiritsiwa amachepetsa mphamvu yachimuna imene imafooketsa mizu ya tsitsi, motero mayi woyembekezera akamwa, mwana wamwamuna ali m'mimba angabadwe ndi chilema kumaliseche. Mayi asabwereke mapiritsi a mwamuna wake, ngakhale kugwira kumene ophwanyika. Komanso mankhwala awiri onsewa amathandiza pokhapokha munthu akuwagwiritsabe ntchito; akangoleka, pakapita miyezi tsitsi limayambanso kuthothoka. Kwa msodzi wa nyanja imene idaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, kugula kosalekezako ndi katundu wolemera.

Tsono vuto la amayi ambiri si dazi la kumtundu ayi. Pulofesa Nonhlanhla Khumalo wa ku Cape Town ndi anzake adapeza mu 2007 kuti mwa amayi amene adawapima, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse adali atasosoka tsitsi chifukwa cha kukokedwa. Kuluka kothina kumazula tsitsi la m'mphepete mwa mphumi, makamaka ngati lidayamba lawongoledwa ndi mankhwala. Mayi akamasula msanga limaphukanso, koma akazengereza pamachita zipsera, ndipo palibe mafuta amene angalibweze. Kwa ena tsitsi limayoyoka patangopita miyezi yochepa atachira kuchikuta, kenaka nkumeranso lokha. Kwa ena gwero lake ndi kuchepa kwa magazi. Chipere cha kumutu kwa ana nachonso chimafuna mankhwala akumwa a kuchipatala, osati mafuta a pamsika.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi cha mkazi wa tsitsi lofika m'mapewa sichinena zimene zili m'botolo. Mankhwala enieni m'dziko muno amayenera kulembetsedwa ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo dzina ndi muyeso wake zimalembedwa poyera. Munthu wa ku Kachulu, ku Jali kapena pachilumba cha Chisi asanatulutse ndalama, ayambe wafunsa kuchipatala chapafupi kapena kuchipatala chachikulu cha Zomba chimene chikudya tsitsi lakelo. Gwero likadziwika, mpamene munthu angadziwe ngati akufunika botolo kapena kungomasula tsitsi.