Mapedulo omata nsapato: a pa phula kapena a m'fumbi, oyenera Ntcheu ndi ati?

Mukafika pa kaunjika wa nsapato pa Ntcheu Boma kapena pa Kampepuza, muzitembenuza nsapato n'kuona kunsi kwake. Nthawi zina mupeza nsapato yachilendo, yopepuka koma youma gwa ngati thabwa, ili ndi timabowo tiwiri kapena titatu chakuphazi. Wogulitsa akhoza kukuuzani kuti ndi jombo ya mpira, koma ayi, imeneyo ndi nsapato yopalasira njinga. Kuchuluka kwa timabowo timeneto ndi kumene kungakuuzeni ngati mukugula chinthu chokuthandizani kapena mukungotaya ndalama.

Ndikulemba izi chifukwa anzanga ena kuno kwathu ayamba kupalasa njinga ngati masewero, osati ulendo wa kuchigayo wokha. Munthu amagula njinga ya magiya yogwirapo kale ntchito, n'kuika Strava pa foni, bandulo n'kuthera kuonera Tour de France pa YouTube. Akaona kuti mapazi a akatswiri aja sachoka pa pedulo ngakhale njinga ithamange bwanji, naye mtima umauluka. Vuto ndi loti mapedulo omata nsapatowa ali m'magulu awiri osagwirizana, ndipo gulu lomwe limaoneka kwambiri pa YouTube si limene misewu yathu ikufuna.

Dzina lake lenilenilo ndi losokoneza. Amawatcha clipless, ngati kuti sagwira phazi, chonsecho kugwira phazi ndiyo ntchito yake. Nkhani ndi yoti kale ochita mpikisano ankalowetsa nsonga ya nsapato m'kadengu kachitsulo kotchedwa toe clip n'kumanga ndi lamba. Mu 1984 kampani ya Look ya ku France, yomwe inkapanga zomangira nsapato za anthu otsetsereka pa chipale chofewa, inatulutsa pedulo yogwira nsapato popanda kadengu kaja. Chaka chotsatira, 1985, Bernard Hinault anapambana Tour de France kachisanu akupalasa ndi mapedulo amenewa, ndipo anzake anayamba kutsatira. Mu 1990 kampani ya Shimano ya ku Japan inabweretsa mtundu wake wa SPD, wopangira njinga za m'mapiri.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Kunsi kwa nsapato mumamangirira kachidutswa kotchedwa cleat ndi mabawuti. Mukaponda pedulo mwamphamvu, kamalowa m'kamwa mwa sipuling'i n'kumveka kuti “kha!” Pofuna kuchotsa phazi mumapotoza chidendene chakunja. Kukoka phazi m'mwamba sikuthandiza, ndipo apa ndi pamene ongoyamba kumene amagwera.

Gulu la pa phula limadziwika ndi mabawuti atatu. Mayina ake otchuka ndi Shimano SPD-SL ndi Look Keo. Cleat yake ndi ya pulasitiki, yotambalala, ya ngodya zitatu, ndipo imatumphukira kunja kwa nsapato. Ubwino wake ulipo ndithu: phazi limakhazikika pamalo aakulu, nsapato sipindika, ndiye pa ulendo wa maola anayi kapena asanu osatsika phazi silimva kubayidwa pamalo amodzi. Koma pedulo yake imalowa mbali imodzi yokha, ndipo mukatsika panjinga mumayenda ngati bakha, zala m'mwamba, chidendene pansi. Pa simenti yosalala ya m'golosale mukhoza kuterereka, pa miyala pulasitiki ija imangodyeka.

Gulu la m'mapiri ndi la mabawuti awiri. Cleat ya SPD ndi kachitsulo kakang'ono kobisala m'kati mwa mphira wa nsapato, choncho mumayenda pansi bwinobwino. Pedulo yake, monga Shimano M520 yomwe ili m'gulu la zotsika mtengo, imalowa mbali zonse ziwiri, osafuna kuyang'ana pansi. Palinso Time ATAC, komanso Crankbrothers Eggbeater yomwe imalowa mbali zinayi ndipo ili mbee moti matope amangodutsa, kungoti cleat yake ndi yamkuwa, imatha msanga kuposa yachitsulo.

Tsopano taganizani za boma lathuli. Phula lodalirika tili nalo pa M1, kuchoka ku Lizulu kudzera pa Biriwiri, pa Boma, pa Kampepuza mpaka ku Chingeni, ndi pa M5 wodutsa kuchigwa cha Bwanje. Mukangopatuka kulowera kumidzi, mwayamba kulimbana ndi fumbi, miyala, mitsinje yopanda milatho ndi zitunda za mapiri a Kirk. Msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza ntchito yoika phula yatenga zaka. Mvula ikayamba, katondo wa kumtunda amaterera ngati sopo pomwe makande a kuchigwa amamata ngati phala la dzulo. Palibe munthu amene amapalasa malo otere osatsika n'kukankhako. Mukaponda makande ndi cleat ya pulasitiki ija, matope amadzaza ponsepo, ndiye kuti mukafune kamtengo kokolokosera musanakwerenso. Ya SPD nayo imadzaza, koma kawirikawiri kungomenyetsa nsapato pa pedulo kawiri katatu, yalowa.

Ngakhale pa M1 penipenipo, ine sindiona kuti mabawuti atatu ndi anzeru kwa munthu wamba. Msewuwu ndi wopapatiza, m'mbali munadyeka, ndipo thiraki ikaliza hutala kumbuyo kwanu mumathawira pa dothi mosaganiza kawiri. Pa Lizulu, pamene msewu ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, tsiku la msika mumaima mamita ochepa alionse: uku minibasi yangoima mwadzidzidzi, uku mayi akuwoloka ndi dengu la kabichi, uku mbuzi. Kuima kulikonse kumafuna kumasula phazi msanga, ndipo kunyamukanso pa chitunda kumafuna kuti phazi lilowe kamodzi n'kamodzi. Pedulo ya mbali imodzi ikazondoka, maso amapita pansi pa nthawi yomwe amayenera kukhala pa msewu. Kugwa chammbali njinga itaima, phazi litakanirira, kumaseketsa anthu pa bwalo la mpira. Pambali pa thiraki yonyamula simenti palibe amene angaseke.

Chomwe ambiri sadziwa n'choti simukakamizidwa kugula mapedulo a pa phula chifukwa choti njinga yanu ndi ya matayala opyapyala. Mazinga a mapedulo a njinga zambiri za akuluakulu ndi ofanana, 9/16 ya inchi, choncho SPD imamangika bwinobwino pa njinga yampikisano. Kulemera kwake kumasiyana pang'ono kwambiri, botolo la madzi limodzi limaposa.

Sindikuti mabawuti atatu ndi achabe. Amene akulota zodzaimira dziko, monga anachitira Missi Kathumba ndi Leonard Tsoyo ku Commonwealth Games mu 2014 ku Glasgow, ngati mpikisano wake ndi wa pa phula adzawafuna ndithu. Nkhani ya awiriwa imakumbukika chifukwa shopu ina ya mumzindawo, Billy Bilsland Cycles, inawathandiza ndi njinga itaona kuti zomwe anabwera nazo n'zotopa. Zida za masewerowa kwathu kuno n'zosowa choncho, ngakhale kwa otumidwa ndi dziko. Koma amene mtima wake uli pa mipikisano ya m'tchire ngati ya ku Luwawa m'mapiri a Viphya, asavutike n'kuganiza, ndi mabawuti awiri basi.

Kusowa kwa zidaku kukhale m'maganizo mwanu pogula. Amakaniki athu a pansi pa mtengo wa mango ali ndi masipoko, tcheni, machubu ndi mabelingi, koma cleat simungaipeze pamenepo. Muyenera kuitanitsa ku Lilongwe, ku Blantyre kapena kutuma m'bale wochokera ku Joni. Ya pulasitiki mukamayenda nayo pansi imatha pa miyezi yowerengeka, pomwe yachitsulo imapirira nthawi yaitali. Komanso samalani, Look Keo ndi SPD-SL zimaoneka ngati mapasa koma cleat ya imodzi si ya inzake. Nsapato ya timabowo titatu tokha silandira SPD popanda kachida kena kolumikizira. Nsapato ya kaunjika ya timabowo tiwiri muione ngati kachitsulo ka mazinga kam'kati kadakalimo, ndipo muipinde kuti muone ngati guluu wa kunsi sanaume. Musagule nsapato lero n'kumati pedulo ndidzaiona, yambani mwadziwa pedulo imene mungaipeze.

Palinso nkhani ya maondo. Phazi likamangika, bondo limatsata komwe cleat yaloza, kambirimbiri pa ulendo umodzi. N'chifukwa chake opanga amasiya kampata koti chidendene chizigwedezekako, amakatcha float. Pa SPD-SL, cleat yachikasu imapereka madigiri 6, yabuluu 2, yofiira 0. Pa Look Keo zinthu zazondoka: yofiira ndiyo yomasuka kwambiri ndi madigiri 9, yotuwa 4.5, yakuda 0. Munthu wongomva kuti “gula yofiira” osafunsa kuti ya kampani iti akhoza kudzimangirira bondo. Kwa a SPD, pali SH51 yomwe imamasuka mukapotoza chidendene chakunja basi, ndi SH56 yomwe imamasukanso mukapotoza mokweza. Woyamba kumene ndingamulangize SH56. Cleat ikhale pansi pa chotupa cha phazi pomwe chala chachikulu chimayambira, kapena kumbuyo kwake pang'ono. Bondo likayamba kuwawa, imani musunthe, musalimbe mtima.

Nanga achimwene athu a kabaza ndi alimi otsika ndi matumba a kachewere kuchokera ku Tsangano? Awa mapedulo amenewa asawayandikire n'komwe. Njinga yonyamula munthu kapena thumba pa kaliyala imafuna phazi lofika pansi nthawi ina iliyonse. Ndipo anthu amenewa, ndi nkhwayira zawo kapena mapatapata, amakwera zitunda zomwe enafe a magiya 21 timatsika n'kukankha. Pedulo yomata siwonjezera mphamvu m'miyendo. Phindu lake lenileni limaoneka pothamanga mwadzidzidzi, poimirira pa chitunda chachikulu, ndi potsika mtsetse wa mabampu pamene phazi likhoza kudumpha pa pedulo wamba.

Ambirife njinga ndi imodzi yomweyo, ya masewero Loweruka, ya kutchalitchi Lamulungu, ya kumsika Lolemba. Pa moyo wotere pali mapedulo ngati Shimano M324, mbali imodzi SPD, mbali inayo yopondera ndi nsapato iliyonse. Akatswiri amawanyoza kuti ndi olemera, koma ine ndikanakhala ndi ndalama ya peyala imodzi yokha, ndikanagula amenewa.

Pomanga, pakani girizi pa mazinga ndipo kumbukirani kuti pedulo yakumanzere imamangidwa mozondoka. Amakaniki aja izi amazidziwa kuposa ife, apatseni sipanala ya 15 agwire ntchito. Fewetsani sipuling'i mpaka pamapeto ndi Allen key yaing'ono, tsamirani khoma, lowetsani ndi kutulutsa phazi mpaka mwendo uzolowere, kenako mukayeserere pa udzu wa bwalo la sukulu musanapite pa M1. Mabawuti a cleat muziwaona sabata iliyonse. Bawuti imodzi mwa ziwiri zija ikagwa, cleat imangozungulira limodzi ndi pedulo ndipo phazi silituluka ngakhale mupotoze bwanji, mpaka muvule nsapato ili pomwepo. Allen key ya 4 mm izikhala m'thumba limodzi ndi zigamba za chubu.