Kuima kapena kupitiriza? Funso limene limazunguza akatswiri a bawo

Mukatsika minibasi pa Chitedze, pamsewu wa ku Mchinji, dzuwa litapendeka, tcherani khutu. Mumva nkhomo zikugwa pathabwa la bawo pakhonde la golosale. Oonerera amachuluka kuposa osewera, ndipo aliyense amati akanakhala iye akanasewera bwino.

Thabwali lili ndi maenje 32 m'mizere inayi, ndipo nkhomo zonse ndi 64. Malamulo ake savuta kugwira. Chimene chimasiyanitsa katswiri ndi wophunzira ndi nyumba, dzenje la ngodya zinayi lija lili pamzere wakutsogolo. Mukamadya, nkhomo yomaliza n'kugwera m'nyumba mwanu, mumasankha nokha: kuima pomwepo, kapena kutola nkhomo zonse za m'nyumbamo n'kupitiriza ulendo.

Nkhani yagona pamenepa. Mukaphwasula nyumba msanga, nkhomo zimamwazikana, mwina n'kukagona padzenje lopanda kanthu, mnzanu n'kumazitola pang'onopang'ono. Mukaumira, nyumba imanenepa ndithu, koma tsiku limene mnzanuyo waipezera njira amaidya yonse kamodzi. N'chifukwa chake wodziwa bawo amayamba wawerenga ndi maso, dzenje ndi dzenje, dzanja lisanakhudze nkhomo. Sawerenga zake zokha ayi, amaonanso chimene mnzake adzachite iye akagona.

Kunja kuli masewera a makhadi otchedwa bridge, amene malamulo ake a masiku ano adakonzedwa ndi Harold Vanderbilt mu 1925. Anthu anayi amakhala awiriawiri, aliyense ndi makhadi 13. Asanaponye khadi, amapikisana polonjeza kuti timu yawo idya kangati. Ace amaiwerengera mapointi 4, King 3, Queen 2, Jack 1, ndipo onse pamodzi amakwana 40. Vuto limabwera adani akalonjeza zokwera: mukweze, muwasiye, kapena muwatsutse kuti sakwanitsa? Mukalonjeza zoposa mphamvu zanu mumalipira chindapusa cha mapointi. Mukachita mantha, mwataya zimene zinali zanu.

Funso lake ndi lomwe lija la pakhonde la pa Chitedze. Kusiyana kwake n'kwakuti mu bridge makhadi a mnzanu simukuwaona polonjeza, pomwe m'bawo zonse zili poyera. Mukaluza, palibe wonamizira.

Ndiye Loweruka likubwerali, foni ikhale kaye m'thumba. Pemphani mpando kwa madala a bawo aja, ndipo nkhomo ikagwera m'nyumba, musathamange. Werengani kaye.