Dzina la Papa Lisanakhale la Munthu Mmodzi

Mawu akuti papa sanabadwire kubwalo la mfumu ayi. Anachokera ku Chigiriki, pappas, dzina limene mwana ankaitanira bambo ake pakhomo, monga momwe mwana wa kwathu amanenera kuti "ababa". Akhristu a zaka za m'ma 200 anayamba kuitana maepiskopi awo chomwecho chifukwa chowakonda, ndipo dzinali silinali la mzinda umodzi.

Woyamba amene zolembedwa zimaonetsa kuti anatchedwa papa anali wa kuno ku Africa: Heraclas, episkopi wa ku Alexandria, amene anayamba udindo cha m'ma 232. Anam'tchula motero ndi Dionysius, yemwe analowa m'malo mwake. Ku Carthage nako kunali chimodzimodzi. M'chaka cha 250 ansembe a ku Roma enieniwo ankalembera makalata Cyprian, episkopi wa ku Carthage, n'kumamutcha papa popanda kuona chachilendo.

Ku Roma umboni wakale uli pansi pa nthaka, m'manda a Callixtus. Dikoni wina, Severus, anazokota pamwala kuti chipinda choikamo maliro a banja lake anachikonza atalolezedwa ndi Marcellinus, episkopi wa ku Roma kuyambira 296 mpaka 304. Pafupi ndi dzina la Marcellinus pali zilembo ziwiri zokha: PP, zoimira mawu akuti papa.

Nanga mphamvu? Mpingo wa ku Roma unkalemekezedwa kwambiri chifukwa Petro ndi Paulo anafera kumeneko, komatu kulemekezedwa ndi kumveredwa n'zosiyana. Cha m'ma 190 Victor, episkopi wa ku Roma, anafuna kudula mipingo ya ku Asia chifukwa inkachita Pasaka pa tsiku lakelake. Irenaeus wa ku Lyon anam'lembera kuti asagawe mpingo pa nkhani ya tsiku. Mu 256 Stefano, episkopi wa ku Roma, analimbana ndi Cyprian pa za kubatizanso anthu ochokera m'magulu opatuka, ndipo maepiskopi oposa 80 atasonkhana ku Carthage anakhala kumbali ya Cyprian. Ulamuliro wa Roma unakula pang'onopang'ono m'mikangano yotereyi, mpaka kalata ya episkopi wa ku Roma Leo Woyamba inalandiridwa pa msonkhano wa ku Chalcedon mu 451.

Amene amandikhudza mtima pa nkhaniyi ndi Gregory Wamkulu, episkopi wa ku Roma. Mphamvu anali nazo, ndipo sankachita nazo manyazi. Komabe Eulogius wa ku Alexandria atamutcha papa wa dziko lonse, iye anakana mu 598, ponena kuti ulemu wochepetsa abale ake suli ulemu kwa iye. Dzina limene ankakonda kulemba pamwamba pa makalata ndi lakuti mtumiki wa atumiki a Mulungu, ndipo apapa akuligwiritsabe ntchito mpaka lero.

Mu 1075 Gregory Wachisanu ndi Chiwiri analemba kuti dzina la papa ndi la episkopi wa ku Roma yekha. Ku Egypt sanalisiye: mtsogoleri wa mpingo wa Coptic, Tawadros Wachiwiri, amene anasankhidwa mu 2012, amatchedwa Papa wa ku Alexandria.